Kuodzera masana kwa Chulu: zomwe mbewa zaulula za tulo

Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale si nyengo yogona kwa Chulu m'boma la Kasungu. Tambala woyamba akamalira, banja lonse limakhala litadzuka kale. Fodya wakhwima m'munda, ndipo akachedwa kuthyoledwa amapsera komweko. Masana onse amathera pansi pa chigafa, singano ili m'manja, kusoka masamba ndi kuwapachika pamikangala. Pofika madzulo munthu amadya nsima akusinza, kenako n'kugwera pamphasa.

Choncho wina akamaodzera dzuwa lili paliwombo anzake ali kalikiliki, mayina sachedwa kum'peza. Ena amati ndi mlesi, ena amati wayamba kachasu mobisa. Zikapitirira, munthuyo n'kumachezera usiku wonse tulo osabwera, kumapsa mtima popanda chifukwa kapena kumalankhula zosagwirizana, abale amayamba kunong'onezana kuti apa pali dzanja la munthu. Ulendo wa kwa sing'anga umapsa, ndipo ndalama zomwe anasungira jeke ndi ziguduli zimathera komweko.

Koma dera la Mfumu Chulu linachita malire ndi nkhalango ya Kasungu National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo m'nkhalangomo muli kashembe. Ntchentche imeneyi imaluma masana, ululu wake ngati kubayidwa ndi singano yamoto. Ikayamwa magazi a nyama yakutchire monga mbawala kapena njiri kenako n'kuluma munthu, itha kum'siyira tizilombo toyambitsa matenda a kaodzera. Kasungu ndi limodzi mwa madera atatu omwe amatchulidwa kwambiri pa matendawa m'dziko muno. Ena ndi Nkhotakota komanso Rumphi, kufupi ndi dambo la Vwaza.

Matendawa si achilendo. Mtundu wa kaodzera wa kuno unadziwika koyamba mu 1910 pomwe akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anaupeza m'magazi a mzungu wina yemwe anautenga kuchigwa cha Luangwa, kutsidya kwa malire a Zambia. Pakati pa 1911 ndi 1914 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi David Bruce linachita kafukufuku m'Nyasaland, ndipo m'malipoti awo analemba dzina lomwe anthu a kuno ankatchulira matendawa: kaodzera. Makolo anatcha dzinalo poona zomwe zinkachitika. Chomwe chinatenga zaka pafupifupi 100 kuti chiyambe kumveka n'chakuti kachilombo kosaoneka ndi maso kamasokoneza bwanji tulo ta munthu wamkulu.

Mayankho ambiri achokera kwa mbewa, makoswe, amphaka ndi agalu osungidwa m'malabotale akunja. Mbewa zake si zija anyamata amagulitsa pampani m'mbali mwa msewu wa M1 ayi. Izi zimabadwira m'tizikhola, zimadya chakudya choyeza pasikelo, ndipo iliyonse ili ndi nambala ndi kaundula wake.

Loko ndi kiyi wake

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumizirana mauthenga pafupifupi mabiliyoni 86. Maselowa salankhulana ndi mawu. Lina limatulutsa kamankhwala kochepetsetsa, linzake n'kukalandira. Pakhungu la selo lililonse pali timalo tolandirira mankhwalawo, tomwe akatswiri amati ma receptor. Receptor ili ngati loko wa pachitseko cha golosale: satsekuka ndi kiyi wina aliyense koma wake yekha. Kiyi woyenera akalowa, selo limamva uthenga woti lichangamuke kapena lipume.

Alimi a fodya angadabwe kumva kuti mbewu yawoyi ndiyo inathandiza kutulukira maloko amenewa. Mu 1905 katswiri wina wa ku Cambridge, John Langley, ankabaya nkhuku nikotini, mankhwala omwe amapezeka m'masamba a fodya. Anaona kuti minofu ya mwendo wa nkhukuyo inkakungika, ndipo inkaterobe ngakhale mitsempha yopita kumwendoko itadulidwa n'kufota. Akaibayanso curare, ululu womwe alenje a ku South America ankapaka pamivi, kukungikako kunkatha. Langley anati ndiye kuti pamnofu penipenipo pali chinachake cholandira mankhwala awiriwa, chomwe iwo amalimbirana. Mpaka lero gulu lina lalikulu la ma receptor a m'thupi limatchedwa ndi dzina la nikotini.

Nanga tulo timabwera bwanji? Mu 1909 Kuniomi Ishimori wa ku Japan anachita zomwe lero malamulo oteteza nyama sangalole. Ankaletsa agalu kugona kwa masiku angapo, kenako n'kutenga zamadzimadzi zochokera mu ubongo wawo n'kubaya agalu ena omwe anali atapuma bwinobwino. Agalu obayidwawo ankagona tulo tofa nato. Akatswiri awiri a ku France, Legendre ndi Piéron, anapezanso zofanana zaka zomwezo. Zinaonetsa kuti nyama ikakhalitsa m'maso, mu ubongo mumaunjikana chinachake chomwe chimaitana tulo.

Chimodzi mwa zinthuzo chinagwidwa poyera mu 1997. Tarja Porkka-Heiskanen wa ku Finland ndi anzake, akugwira ntchito ku America, analowetsa timachubu topyapyala mu ubongo wa amphaka n'kumasewera nawo kwa maola 6 kuti asagone. Ola lililonse mankhwala otchedwa adenosine ankachulukirachulukira. Amphakawo ataloledwa kugona, adenosine anayamba kutsika.

Adenosine amatsalira maselo akamagwiritsa ntchito mphamvu, monga momwe phulusa limatsalira pamafuwa moto ukayaka tsiku lonse. Akachuluka amalowa m'maloko ake, maselo odzutsa munthu n'kuyamba kufooka, zikope n'kulemera. Tingati ndi ngongole yomwe thupi limalemba kuyambira m'mawa, ndipo imabwezedwa pamphasa basi. Mlimi yemwe wachezera masiku atatu akusankha magiredi ndi kudinda mabelo kuti agwire galimoto ya ku Chinkhoma amaidziwa bwino ngongoleyi: tsiku lomwe adzagone, ngakhale ng'oma ya gule italirira pakhomo sadzamva.

Apa mpomwe pamalowera tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje komanso khofi wa ku Mzuzu. Zakumwazi zili ndi caffeine, yemwe maonekedwe ake amafanana ndi adenosine. Caffeine amalowa m'loko koma satsekula. Amangokhala mommo ngati kamtengo komwe mwana wasomeka pabowo la loko, kiyi weniweni n'kusowa polowera. Munthu amadzimva wamphamvu, koma ngongole ija sinafufutidwe, ikungochulukira panja pa chitseko. Pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka la caffeine lichoke m'magazi, n'chifukwa chake tiyi wamasamba ambiri womwa dzuwa litapendeka amavutitsa ena mpaka pakati pa usiku.

Umboni wake unachokera kwa mbewa mu 2005 ku Osaka m'dziko la Japan. Maloko a adenosine alipo a mitundu ingapo, ndipo awiri odziwika kwambiri pankhani ya tulo ndi A1 ndi A2A. Zhi-Li Huang ndi anzake anagwiritsa ntchito mbewa zomwe zinabadwa zopanda mtundu umodzi wa malokowa. Mbewa zopanda A1 zitapatsidwa caffeine zinachezera ngati zinzake zonse. Koma zopanda A2A zinagona ngati sizinalandire kanthu. Caffeine analimo m'magazi, koma analibe poti agwire.

Agalu ogwa akaona chakudya

Ubongo ulinso ndi mankhwala ena omwe ntchito yake ndi kugwiriziza munthu kuti akhale m'maso osadukizadukiza. Dzina lake ndi orexin, ndipo anatulukiridwa mu 1998. Amapangidwa ndi kagulu kochepa ka maselo pakatikati pa ubongo.

Ku yunivesite ya Stanford ku America kunali agalu a mtundu wa Doberman odabwitsa. Akasangalala, monga poona chakudya chomwe amachikonda, miyendo inkangolobodoka n'kugwa pansi, pakapita kanthawi n'kudzuka ngati palibe chachitika. Mu 1999 Emmanuel Mignot ndi gulu lake anapeza kuti agaluwo anabadwa ndi loko wa orexin wowonongeka. Chaka chomwecho ku Dallas, Masashi Yanagisawa anajambula usiku mbewa zopanda orexin pogwiritsa ntchito makamera oona mumdima. Mbewa ili mkati mothamanga kapena kudzinyambita inkangoti khu! pansi, kenako n'kudzambatuka. Agalu analibe loko wabwino, mbewa zinalibe kiyi, koma mathero anali amodzi: malire a pakati pa kugona ndi kukhala m'maso anagumuka. Kwa anthu vutoli limatchedwa narcolepsy. Kafukufukuyu anabalanso mankhwala a anthu osowa tulo omwe amatseka dala maloko a orexin, ndipo oyamba analoledwa ku America mu 2014.

Zonsezi zikubwerera kwa Chulu motere. M'zaka za m'ma 1990 dokotala wa ku France, Alain Buguet, anayeza tulo ta odwala kaodzera kumadzulo ndi pakati pa Africa, usana ndi usiku, pomata timawaya pamutu. Anapeza zosiyana ndi dzina la matendawa. Odwalawo sankagona maola ochuluka kwenikweni kuposa anthu ena. Tulo tawo tinali toduka zidutswazidutswa, tomwazikana masana ndi usiku womwe, ndipo nthawi zambiri ankangogwera m'tulo ta maloto mwadzidzidzi ngati odwala narcolepsy aja.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa mabanja. Wodwala kaodzera sikuti amangogona osadzuka ayi. Atha kukhala yemwe akuodzera pachigafa masana koma usiku akusowa tulo. Kudikira kuti afike pogona tsiku lonse ndiye kudikira mpaka madzi atafika m'khosi.

Akatswiri a ku Verona m'dziko la Italy, motsogozedwa ndi Marina Bentivoglio, anayang'ana ubongo wa makoswe ndi mbewa zodwala kaodzera n'kupeza kuti maselo opanga orexin ankachepa matenda akamakula. Pa kafukufuku wina wa mu 2018 anagwiritsa ntchito mbewa ya ku Africa kuno yomwe asayansi amaitcha Mastomys natalensis. Ameneyu ndi kapuku yemwe ana amakumba m'minda akamaliza kukolola. Ndiwo ya m'chilimwe inasanduka mphunzitsi wa madokotala.

Wotchi yothamanga

Kafukufuku yemwe anamveka kwambiri ndi wa Filipa Rijo-Ferreira wa ku Portugal, yemwe anagwira ntchito ndi Luisa Figueiredo wa ku Lisbon ndi Joseph Takahashi wa ku Dallas. Thupi lili ndi wotchi yakeyake yozungulira maola pafupifupi 24, yomwe imauza munthu nthawi yogona, yodzuka ndi yomva njala ngakhale atatsekeredwa m'chipinda chamdima. Mbewa zimayenda usiku n'kugona masana, ndipo zikaikiridwa kagudumu m'khola zimathamangapo nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, kompyuta n'kumalemba.

Zotsatira zomwe anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti mbewa zodwala kaodzera zinasokonekera ndondomeko. Zinkagona nthawi yothamanga, zinkatakataka nthawi yogona, ndipo wotchi yawo inkathamanga, tsiku lawo n'kufupika. Pofuna kutsimikiza kuti si kudwala chabe komwe kunkachititsa zimenezi, anapatsa mbewa zina tizilombo ta malungo. Izi zinafooka ndithu, koma wotchi yawo sinasunthe. Chinanso n'chakuti kusokonekeraku kunayamba tizilombo tisanachuluke mu ubongo.

Mu 2020 Rijo-Ferreira ndi anzake anatembenukira kwa adenosine uja. Mbewa yabwinobwino ikaletsedwa kugona kwa maola angapo imabweza ngongole pogona tulo takuya kwambiri. Mbewa zodwala kaodzera sizinkabweza mokwanira, ndipo atayeza maselo a ubongo wawo anapeza kuti maloko a adenosine sankayankha monga mwa nthawi zonse. Ndiye kuti kachilomboka kamawononga mbali ziwiri: wotchi yonena nthawi yogona, ndi kaundula wa ngongole wonena kuchuluka kwa tulo tofunika.

Palinso mankhwala achitatu otchedwa prostaglandin D2. Osamu Hayaishi wa ku Japan anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti kadontho kake kakathiridwa mu ubongo wa khoswe, khosweyo amagona tulo tofanana ndi tachilengedwe. Pambuyo pake mankhwala omwewa anapezeka ochuluka m'madzi a pamsana a odwala kaodzera omwe matenda anali atawafika kumutu.

Komabe mbewa si munthu. Tizilombo tomwe ankabaya mbewa za ku Dallas ndi ta mtundu wodwalitsa ng'ombe, wachibale wa tomwe timagwira anthu. Phindu la mbewa n'lakuti mungathe kuichotsa loko mmodzi n'kuona chomwe chisinthe, zomwe simungachite kwa munthu. Zopezeka kwa mbewa zimaloza koti madokotala ayang'ane, ndipo pa kaodzera zagwirizana bwino ndi zomwe Buguet anaona kwa odwala enieni.

Mame a pafodya

Kashembe si yekha yemwe amasewera ndi maloko a tulo kwa Chulu. Fodya wamuwisi akanyowa ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunukira m'madziwo n'kulowa pakhungu la wothyola. Ngati caffeine ndi kamtengo kotseka bowo, nikotini ndi kiyi wosula wa mbala: amalowa n'kutsekuladi loko wa mankhwala odzutsa ubongo. Munthu yemwe sanasutepo ndudu chibadwire amafika kunyumba mutu ukuwawa, akumva chizungulire ndi mseru, mwina kusanza kumene, usiku n'kulephera kugona ngakhale watopa.

Ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, gulu la Jean-Pierre Changeux linaweta mbewa zopanda kachigawo kena ka loko wa nikotini. Mu 1998 anaonetsa kuti mbewa zimenezi sizinkalakalaka nikotini monga zinzake, ndipo mu 2004 anapezanso kuti nikotini yemwe ankachezetsa mbewa wamba sankazichita kanthu.

Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba. Lipotilo linati mwana wothyola fodya tsiku lachinyontho atha kulowetsa m'thupi nikotini wofika mamiligalamu 54, wofanana ndi kusuta ndudu pafupifupi 50. Mwana wotere akakaodzera m'kalasi mawa lake, mphunzitsi amaona ulesi, osadziwa kuti usiku sanagone. Vutoli limatha lokha pakapita tsiku limodzi kapena atatu, ndipo limapeweka: kudikira mame akamuke, kuvala pulasitiki pamwamba pa malaya, kusintha zovala zonyowa msanga ndi kusamba ndi sopo. Ana asamalowe n'komwe m'munda wa fodya wonyowa.

Kaodzera ndiye satha yekha, ndipo akapanda kuchizidwa amapha, kawirikawiri m'miyezi yochepa. Amayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo, nthawi zina chotupa chowawa pomwe kashembe analuma. Apa mpomwe ambiri amasokera. Munthu amamwa LA osachira, amagula panado pagolosale, amabwerera kukalandiranso LA, tizilombo tili paulendo wopita ku ubongo. M'zaka za 2019 ndi 2020 dziko lino linkapeza odwala pafupifupi 90 pachaka, ambiri mwa iwo ku Rumphi ndi Nkhotakota, ndipo amenewo ndi okhawo omwe anafika kuchipatala n'kuyezedwa.

Kwa zaka zambiri mankhwala ake ankaopsa ngati matenda omwe. Woyamba kumene kudwala ankabayidwa suramin. Yemwe tizilombo tamufika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic omwe anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949. Amawawa polowa mumtsempha, ndipo mwa odwala 20 alionse olandira, pafupifupi mmodzi ankamwalira chifukwa cha mankhwalawo.

Kusintha kunadzera m'dziko momwe muno. Kuyambira mu 2019 bungwe la DNDi, mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo, linayesa mapiritsi a fexinidazole pachipatala cha boma cha Rumphi ndi pachipatala cha Lwala ku Uganda. Odwala 45 analandira mankhwalawa, ambiri mwa iwo Amalawi, ndipo mwa omwe matenda anali atawafika ku ubongo, 97 pa 100 alionse anachira. Bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza mapiritsiwa mu Disembala 2023, ndipo mu 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika patsogolo pochiza kaodzera wa kuno. Amamwedwa kamodzi patsiku kwa masiku 10, munthu atadya kaye, achipatala akuyang'anira. Ana osakwana zaka 6 kapena osafika makilogalamu 20 amalandirabe mankhwala akale aja. Onsewa amaperekedwa ulere.

Kupewa kashembe n'kovuta kwa anthu omwe minda yawo inagundana ndi mpanda wa nkhalango, kapena omwe amalowamo kukafuna nkhuni, bowa, uchi ndi matondo. Ntchentcheyi imakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda komanso zinthu zoyenda monga njinga ndi galimoto. N'chifukwa chake misampha yake imakhala nsalu zabuluu ndi zakuda zopakidwa mankhwala, zomwe zimaimikidwa m'mbali mwa nkhalango. Wochotsa nsaluzo kuti akasokere malaya kapena kufunditsa nkhokwe amatsekulira kashembe njira ya kumudzi kwawo komwe. Zovala zokhuthala, zofika m'mikono ndi m'miyendo, za mtundu wa khaki zimathandiza.

Kachipangizo koyezera malungo kaja, komwe amadontheza magazi a pachala, sikaona kaodzera. Tizilombo take timaoneka magazi akaikidwa pagalasi n'kuyang'anidwa pa maikulosikopu, ndipo wa labotale amatifufuza akauzidwa kuti atero. Choncho wodwala yemwe wamwa LA osachira, kapena yemwe wayamba kugona masana n'kumachezera usiku, kapena wasintha khalidwe mwadzidzidzi, ayenera kuuza dokotala zinthu zitatu momveka: kuti amakhala kufupi ndi nkhalango, kuti analumidwapo ndi kashembe ngati akukumbuka, ndi kuti akupempha kuyezedwa kaodzera. Ngati wodwalayo wasokonekera mutu moti sangathe kudzilankhulira, wom'perekeza ndiye anene. Pomwe chipatala chaching'ono chilibe maikulosikopu, apemphe kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu cha boma ku Kasungu tsiku lomwelo.